Singano Yopindika M'bokosi Lachikasu

Mayi wosesa ndiye anamupeza. Lolemba m'mawa, 7 koloko isanakwane, anatsegula kachipatala kaja monga mwa masiku onse, nasesa pakhonde, nakolopa pansi pa benchi ya odwala, kenako nakankha katani ya chipinda chobayira jakisoni. Dokotala, mwini wake wa chipatalacho, anali atakhala pampando, nkhope italoza kukhoma. Mayiyo anapereka moni kawiri. Posayankhidwa anangoti bwana adzuka ndi zawo lero, nayamba kukolopa mozungulira mpandowo, mpaka mopu inagunda nsapato koma phazi osasuntha.

Inspekitala anafika mayiyo akadali pakhonde, pakuti polisi inali kuseri kwa msewu womwewo. Kuntchito ankamutchula kuti Chikhoti, kamba ka jekete lalitali lomwe sankalivula ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mitembo anali ataionapo yambiri, ya m'ngalande, ya m'mabafa, ya pansi pa magalimoto, ndipo inali itasiya kalekale kumulanda tulo. Koma uwu unamuchititsa tsemwe, chifukwa unali waudongo kwambiri.

Malaya anali opisira bwinobwino. Mkono wa malaya wa kumanja unali wopindidwa mosamala mpaka pamwamba pa chigongono, ndipo pamtsempha panali kathonje koyera, komatidwa ndi timapulasitala tiwiri topingasa. Maso, otsegula pang'ono, ankayang'ana chithunzi cha khanda loseka chomwe chinali pakhoma. Pakona firiji inkalira yokha. Fungo la sipiriti linkayesetsa kubisa fungo lina lomwe linali litayamba.

"Adzipha awa, bwana," anatero Sajeni, mayi wachangu yemwe ankakonda kumaliza mlandu tiyi asanazizire. "Lachitatu amayenera kukaonekera kukhoti. Makolo adawasumira. Ana atuluka zithupsa pomwe adabayidwa, ena maso achita chikasu, mmodzi adamwalira. Akuti ankabaya ana ndi singano zobayira kale anthu ena, ndiye akufuna chipukuta misozi."

"Wotchi avala mkono uti?" anafunsa Chikhoti.

"Wamanzere."

"Ndiye kuti ndi munthu wamanja ngati iwe ndi ine. Wamanja angadzibaye mkono wamanja? N'kudzimatanso pulasitala yowongoka chonchi ndi dzanja limodzi, imfa ikumukoka?"

Sajeni anakanda m'mutu.

Pansi pa tebulo panali bokosi lachikasu lotayiramo jakisoni wogwira kale ntchito. Chikhoti analinyamula, nalimva kupepuka. Atawunikamo ndi tochi anaona sirinji imodzi yokha, singano yake itapindika ngati mbedza. Anaiika m'kathumba. Kuchipinda cha kumbuyo, kosungirako katundu, windo linali loswedwa, ndipo pakati pa magalasi panali tchizulo yosemera matabwa, ya chogwirira chakuda ndi thukuta.

Chimene Chikhoti sananene n'chakuti mpando wa malemuwo ankaudziwa. Mvula yathayi ili mkati, mdzukulu wake, kamtsikana kolongolola komwe kunyumba ankakatchula kuti Kaphokoso, kanatentha thupi. Mayi ake ankafuna kupita nako kuchipatala chachikulu, koma agogo odziwa zonsewo anati kumeneko mzere wake ndi wa tsiku lonse, kuseri kwa polisi kuli kachipatala kaudongo. Anakhala pampando womwewo, mwana pamiyendo, namugwira kuti asaphiriphithe. Mphekesera za singano atazimva pambuyo pake, anazitaya kunkhongo ngati nkhani za anthu osowa chochita.

Mayi wosesa analibe zambiri. Loweruka masana, iye ndi namwino anatentha bokosi lodzaza kudzenje la kuseri monga amachitira sabata iliyonse, naika latsopano, natuluka limodzi. Anasiyana pa siteji ya mabasi. Dokotala anatsala yekha akulemba mu ofesi. Mkazi wa malemu, pomuimbira foni, anati sanadabwe kusamuona: mwamunayo likafika Loweruka ankadziwa yekha kokagona.

Namwinoyo anafika nthawi yake ya ntchito, chikwama kukhwapa. Anali mayi wachikulire wa imvi zoyamba m'mbali, ndipo dera lonse linkangowatchula kuti Anesi. Atauzidwa za maliro anakhala pabenchi ya odwala, manja pamaondo. Sanalire. Chikhoti anaona kuti chala chawo chachikulu cha kumanja chinali ndi timabala tambiri tating'ono, tina takale, tina tatsopano.

"Loweruka munachoka nthawi yanji, mayi?"

"Masana, titatentha zinyalala."

"Simunabwererenso?"

"Kudzatani?"

"Alipo amene ankawafunira zoipa a Dokotala?"

"Pitani mukaime pamsika mufunse amene sankawafunira, mumaliza msanga." Anakweza maso, namuyang'anitsitsa. "Kamtsikana kaja kali bwanji, bambo? Kaja kanandifunsa ngati jakisoni ali ndi mano."

Sajeni anatembenuka kuyang'ana bwana wake.

"Kali bwino," anayankha Chikhoti.

"Kamadya bwino?"

"Ndati kali bwino."

Anesi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu yemwe wamva yankho koma sanalilandire.

Tchizulo sinavute kupeza mwini wake. Pachogwirira panali chizindikiro chootcha ndi msomali, ndipo anthu a mumsewumo anachizindikira msanga. Inali ya kalipentala wina, bambo wa mwana yemwe adamwalira uja. Mwezi wapitawo bamboyo adaima pakhonde la chipatalacho n'kukuwa kuti bokosi la mwana wake adakhoma yekha, ndipo la Dokotala adzakhomanso yekha, mwaulere. Anthu ambiri adamumva. Dzuwa lisanafike pamutu anali atakhala m'chipinda chofunsira mafunso, utuchi udakali m'tsitsi.

"Tchizulo iyi ndi yanu?" anafunsa Chikhoti.

"Ndi yanga."

"Windo munaswa ndinu?"

"Ndine."

Sajeni anatsegula cholembera mwachimwemwe.

"Liti?"

"Lamulungu masana, msewu uli zii. Loya anandiuza kuti popanda umboni mlandu wafa. Akuti a zaumoyo adabwera, adapeza singano zonse zili m'mapaketi omata, adamwa tiyi, adapita. Ndiye ndinati ndikaone ndekha. Ndinatsegula kabati ya kumbuyo kuja. Zimene ndinaonamo, bwana, mukaone nokha, ine pakamwa panga sizituluka."

"Kenako?"

Kalipentala anayang'ana manja ake.

"Kenako ndinamva firiji ikulira. Ndinakankha katani. Ndinawapeza atakhala, nkhope kukhoma. Mtima unangoti phwii, ndinati basi ndagwidwa. Koma sanatembenuke. Ndinati, a Dokotala, ndine bambo wa mwana uja. Chete. Ndiye ndinayamba kuwauza. Ndinawauza mmene chithupsa chinatupira pantchafu. Mmene maso anachitira chikasu. Mmene ankandipemphera madzi, n'kusanza. Ndinawauza kuti mayi ake mpaka lero amachapabe yunifolomu yake. Miyezi yonseyi akandiona ankangotseka chitseko, koma tsiku limenelo anakhala phee. Ndinayankhula nthawi yaitali, bwana. Ndinkaganiza kuti kwa nthawi yoyamba akundimvera." Anatsitsa mawu. "Ndiye ntchentche inatera padiso pawo. Sanaphethire."

Sajeni anali atasiya kulemba.

"Munawabayapo munthu jakisoni chibadwire?" anafunsa Chikhoti.

"Ine? Ndimaopa ngakhale kuona."

Mkulu wa polisiyo, bwana wa Chikhoti, sanafune kumva za ntchentche. Panali chiopsezo chomveka ndi msewu wonse, panali windo loswedwa, panali tchizulo. Analamula kuti kalipentala agone m'chitokosi, ndipo Lachitatu, tsiku lomwe amayenera kukaimira mwana wake kukhoti, akaime m'khoti lomwelo pa mlandu wakupha. Chikhoti anapempha tsiku limodzi. Anamupatsa monyinyirika.

Kabati ya kumbuyo ija inali yopendekeka chitseko. Mkati munali poto wakuda, kasitovu kamagetsi, beseni lodzaza ndi masirinji onyowa, mulu wa mapaketi ong'ambidwa mosamala mbali imodzi, ndi kamakina kaja kootchera pakamwa pa pulasitiki komwe amamatira tizakudya togulitsa. Chikhoti anabwerera kuchipinda chobayira, natenga paketi imodzi m'katoni ya pa shelefu, yomwe ankatengamo za odwala. Inkaoneka yatsopano. Ataiyang'anitsa kuwindo anaona kuti mzere womata unali wokhota pang'ono, ndipo patsinde pa singano panali kadontho kofiirira, kouma.

Mu ofesi ya malemu munali dirowa yokiya. Kiyi anali pansi pa mabuku a patebulo. M'dirowamo munali kabokosi ka singano zenizeni za kufakitale, zomata mowongoka, pamodzi ndi timabotolo ta mankhwala a ululu.

"Zawozawo," anatero Sajeni motsitsa. "Ankadziwa, bwana."

Masana amenewo Chikhoti anapita kukadya kunyumba, zomwe sankachita. Anapeza Kaphokoso pakhonde akuphunzitsa zidole zake nyimbo. Anamuitana, nagwada, namukoka chikope cham'munsi ndi chala.

"Agogo, mukufuna chiyani m'diso mwanga?"

"Wakuba wina wathawiramo."

"Bodza! Sangakwanemo."

Diso linali loyera. Kapena linali ndi kachikasu? Kapena linali dzuwa? Anayang'ananso mpaka mwana anatopa n'kumukankha. Mayi ake a mwanayo anatulukira pakhomo akupukuta manja.

"Kwagwanji, ababa?"

"Palibe. Ndimangomuseka."

Chakudya sanachigwire. Anakhala akuyesa kukumbukira tsiku lija: mvula padenga, kulira kwa mwana, manja a Anesi. Paketi inang'ambidwa pamaso pake, izo ankazikumbukira, ndipo adakondwera nazo ngati munthu wochenjera. Koma singano ija atatha kubaya inapita kuti, ili bwanji? Apo mutu wake unali mdima wokhawokha. Mantha anamugwira, mantha osiyana ndi onse omwe adawamvapo pa ntchito.

Lachiwiri m'mawa anali kwa dokotala woyeza mitembo. Munthuyo anali wa mawu ochepa. Malemu anafa Loweruka chakumadzulo, pafupifupi tsiku lathunthu kalipentala asanaswe windo. Anafa ndi mankhwala ogonetsa ochuluka, olowa mumtsempha. Bala linali limodzi, loyera, lopanda kufunafuna.

"Dzanja lozolowera limeneli. Ndipo sanalimbane. Anapereka mkono yekha."

Chikhoti anatulutsa kathumba kaja. "Nanga ichi? Mumaphunzitsidwa kupinda singano mukamaliza?"

"Timaletsa ndithu. Umadzibaya nayo chala. Wochita izi ali ndi chifukwa chake, osati cha kusukulu."

Pochoka kumeneko Chikhoti anapita molunjika kudzenje la kuseri kwa kachipatala kaja, nabwereka fosholo kwa woyandikana nawo. Sajeni anaima patali atatseka mphuno. Phulusa la pamwamba linali lodzaza ndi singano zakuda ndi moto, zonse zopindika, iliyonse pamalo amodzimodzi. Anakumba kupitirira. Singano zinayamba kuchepa, kenako zinatha. Pansi pake panali timabotolo tosweka ndi makala a thonje okhaokha, phulusa la miyezi yambiri lopanda singano ngakhale imodzi.

"Kale sizinkatayidwa n'komwe," anatero. "Zinkabwerera m'poto. Ndiye panafika tsiku lina, wina anayamba kuzipinda kuti zisabwererenso."

"Ndiye kuti wopindayo ndi munthu wabwino, bwana."

"Sindinakane."

Anaima akuyang'ana m'dzenjemo, pamalire pomwe singano zinayambira. Phulusa silinena mwezi. Anabweza fosholo, nauza Sajeni kuti akawaitane Anesi.

Anawalandirira m'chipinda chobayira momwemo. Mtembo unali utachotsedwa, koma mpando unali pomwepo, ukuyang'anabe khanda loseka lija. Pampandopo Chikhoti anali ataikapo pilo. Patebulo panali sirinji yatsopano, thonje, pulasitala ndi kapu ya madzi.

"Mutithandize, mayi. Ife apolisi za jakisoni sitizidziwa, ndipo woweruza akafuna kumva ndondomeko yake. Tangotionetsani pa piloyu mmene mumabayira, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

Anesi anaika chikwama pansi. Anasamba m'manja. Anang'amba paketi, nakoka madzi, nagogoda sirinji ndi chikhadabo kuti mpweya ukwere. Nkhope yawo inali kutali, koma manja ankadziwa njira okha. Anapukuta pilo ndi thonje, nabaya, nakankha pang'onopang'ono, nazula. Dzanja lamanzere linatsindika thonje. Lamanja linatembenukira kutebulo, nakanikiza singano m'mphepete mwake ndi chala chachikulu, kamodzi, n'kuiponya m'bokosi lachikasu. Kenako timapulasitala tiwiri, topingasa.

"Basi, zatha, zatha," ananong'ona, akusisita pilo.

Firiji inalira.

Chikhoti anagwada, natulutsa sirinjiyo m'bokosi, naiika patebulo pambali pa ya m'kathumba ija. M'mphepete mwa tebulomo, pomwe singano inakanikizidwa, utoto unali utatha ndipo thabwa linali litakumbika kamzere. Anesi anayang'ana singano ziwirizo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana chala chawo.

"Bokosi munaika latsopano Loweruka masana," anatero Chikhoti. "Lolemba munali singano imodzi. Munabwerera, mayi."

Anesi anachotsa pilo pampando, nakhalapo okha.

"Kalipentala uja mumutulutse. Ndinamva dzulo kuti mwamugwira, sindinagone. Mukanapanda kundiitana ndikanabwera ndekha mawa, asanamutengere kukhoti. Kaya mukhulupirira, kaya ayi."

"Fotokozani."

"Zaka zonsezi ndinkang'amba mapaketi pamaso pa azimayi. Ndinkawaonetsa kuti taonani, yatsopano. Bokosi likadzaza, a Dokotala ankati lisiyeni, nditentha ndekha. Ndinkati ndi bwana wodzichepetsa. Ana atayamba kubwerera ndi zithupsa, ankati ndi uve wa kunyumba kwawo, ine n'kumawakalipira azimayi aja kuti sasambitsa ana. Ndinawakalipira ndi pakamwa pangapa." Anapuma. "Ndiye msana unayamba kuwavuta. Anandipempha kuti ndiziwabaya Loweruka lililonse anthu onse akapita, chifukwa sankafuna kuti zimveke kuti dokotala akudwala. Munthu ameneyu ankaopa singano kuposa mwana. Ankatembenukira kukhoma, n'kumayang'ana chithunzi icho. Tsiku loyamba ndinatambasula dzanja kukatoni ya pa shelefu. Anamva kukhwekhwereza kwa paketi. Analumpha, bambo. Anakuwa kuti, ‘Osati zimenezo! Tengani za m'dirowa!’"

Sajeni anapumira m'mwamba.

"Sananenenso china. Ngakhale ine sindinafunse. Tinangoyang'anana. Ndinawabaya ndi ya m'dirowa, ndinapita kunyumba, ndinasanza mpaka m'mimba munauma."

"Bwanji simunakanene?"

"Ndinakanena. A zaumoyo aja anabwera chifukwa cha ine. Anapeza mapaketi omata. Kabati ya kumbuyo anauzidwa kuti kiyi wake adatayika. Ndiye ndinayamba kupinda, n'kumatentha ndekha. Ndinkabweretsa singano zanga m'chikwama umu, zikatha ndinkanamiza azimayi kuti mankhwala atha, pitani kuchipatala chachikulu. Ndinkati ndikapinda zonse, katoni ija idzatha." Analoza pa shelefu. "Sinathe, bambo. Lolemba lililonse ndinkaipeza yodzaza. Sindikudziwa kumene ankazitola, kaya ndi m'mabini a zipatala ziti, kaya zidalowa m'matupi a ndani. Ndikakana kubaya, ankabaya okha."

"Ndiye Loweruka?"

"Ndinabwerera monga mwa nthawi zonse. Ndinawapeza akusangalala. Anati loya wawo wawatsimikizira kuti mlandu ugwa, bola ine ndikaime Lachitatu n'kulumbira kuti singano zonse zinali zatsopano. Ndikakana, anati, woweruza adzafunsa kuti wobaya anali ndani, ndipo wobaya ndinali ine. Zimenezo sizinandiopse kwenikweni. Kenako anatulutsa kiyi m'thumba. Anati apeza nyumba ina pafupi ndi sukulu ya mkaka, atsegulamo chipatala chachiwiri, cha ana okhaokha, ndipo woyang'anira ndidzakhala ine. Anandipatsa kiyiyo m'manja ngati mphatso. Atatero anapinda malaya, natembenukira kukhoma."

Anatsegula chikwama, natulutsa kiyi wonyezimira, namuika patebulo pambali pa singano zija.

"Mankhwala ogonetsa anali mufiriji umo. Ndinakoka onse. Singano ndinatenga ya pa shelefu, ya ana. Ndinang'amba paketi pansi pa epuloni kuti asamve. Anandifunsa kuti, ‘Mwatenga za m'dirowa?’ Ndinati eya. Limenelo ndi bodza lokhalo lomwe ndidawanamizapo." Anayang'ana pilo uja. "Za pulasitala sindikuzikumbukira. Za kupinda sindikuzikumbukira. Ndimangokumbukira ndikuwasisita mkono."

"Mukudziwa kuti mwapha munthu, mayi?"

"Ndikudziwa. Uyu yekha ndi amene ndikumudziwa bwinobwino. Enawo sindidziwa kuti ndi angati."

Sajeni anatulutsa unyolo, koma anangougwira m'manja. Chikhoti anamuuza kuti akayambe kaye waimba foni kupolisi kuti kalipentala amasulidwe, ndi kuti kabati ya kumbuyo itsekedwe monga ilili, poto, makina ndi zonse, zikaonekere kukhoti pa mlandu wa makolo aja. Sajeni anatuluka. Katani inagwedera n'kuima.

Chikhoti anavula jekete lake, nalipachika pamsomali. Popanda jeketelo anali nkhalamba yowonda chabe. Anakhala pa situlo moyang'anana ndi Anesi, ndipo mawu atatuluka sanali a wapolisi.

"Mayi, ndili ndi funso lomwe silolemba. Munayamba liti kupinda?"

Maso a Anesi anadzaza misozi yomwe sinatuluke pa maliro a bwana wawo.

"Msana unayamba kuwavuta mvula itatha."

"Ife tinabwera..."

"Munabwera ikugwa. Munali ndi ambulera yakuda, inkadontheza pakona apo, mayi wosesa anadandaula. Kamtsikana kanali ndi nsapato zofiira." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinang'amba paketi pamaso panu, munagwedeza mutu. Nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe. Chiyambireni ndakhala ndikuyendera makomo a ana omwe ndikuwakumbukira, kuwauza makolo kuti akayezetse. Pageti panu ndinafikapo kawiri. Ndinaopa kugogoda kwa wapolisi."

"Koma akuoneka bwino. Akusewera, akudya."

"Matenda a chiwindi amatha kukhala chete nthawi yaitali. Enanso aja amatero. Mwina alibe kanthu, ambiri alibe. Koma musayang'ane m'maso, bambo. Kamuyezetseni magazi."

Lachitatu m'mawa kalipentala analowa m'khoti ndi jekete lobwereka, kukaimira mwana wake. Chikhoti sanapiteko. Usiku wathawo anali atawauza mayi ake a Kaphokoso zonse, ndipo mwana wakeyo sanamukalipire, zomwe zinamupweteka kuposa kukalipira. Kutacha anangomangira Kaphokoso nsapato n'kunena kuti, "Munapita naye ndinu, ababa. Mupitenso naye ndinu. Ine ndikutsatirani, mtima ukandilola."

Kuchipatala chachikulu mzere unali wautali monga ankanenera, kuchokera pawindo mpaka kukhonde. Anaima kumapeto kwake mwakachetechete, dzanja la mwana lili m'dzanja lake. Kaphokoso anawerenga matailosi, anafunsa chifukwa chake amayi ena avala chikhakha kumwendo, anaimba, anatopa, anagona paphewa pake. Dzuwa linali litapendeka pamene anaitanidwa.

Namwino wa kumeneko, mtsikana wotopa, anatenga paketi kuti ang'ambe. Chikhoti anatambasula dzanja.

"Pepani, ndingaione kaye?"

Anaiyang'anitsa kuwindo, mzere womata, tsinde la singano, mbali zonse. Anaibweza. Anamukhazika mwana pamiyendo, namugwira monga adamugwirira tsiku lija. Magazi anakwera m'kabotolo, ofiira bwino, osaonetsa kanthu. Kaphokoso analira pang'ono, kenako anasuzumira thonje la pamkono pake.

"Awa sananene," anatero modandaula. "Anesi aja amati basi, zatha, zatha." Anatembenuka, namukoka kolala. "Agogo, zatha?"

Chikhoti anayang'ana kabotolo kakulembedwa dzina, kakuikidwa m'thireyi pakati pa tinzake tambirimbiri. Anatsegula pakamwa kuti amunamize, monga amanamizira ana agogo onse, koma mawuwo anakana.

"Tidikire kaye, mwanangu," anatero. "Atiuza."